Bulu Uyu Wafika Bwanji ku Luchenza?

Sabata yatha mnyamata wina wa kuno ku Luchenza anandipatsa kankhani kake kuti ndimuonere asanakatumize ku mpikisano. Kankhani kokoma ndithu: mayi wothyola tiyi akulandira mlongo wake amene anapita ku Joni pa Wenela n'kutchona komweko. Ndinawerenga mokondwa mpaka pamene mayiyo, dengu lili kumsana, akutsegula pakamwa: "Achimwene, sitinaonane kwa zaka za bulu!" Apa ndinaika pepala pansi.

Bulu ameneyu ndikumudziwa. Ngwa Angerezi. Iwo akafuna kunena nthawi yaitali zedi amati "donkey's years". Ine ndinayamba kuwamva mawuwa kwa malume anga, amene anali kalaliki pa esiteti ina ku Thyolo, ndipo iwo anawatola kwa azungu a mu ofesi. Ankawatulutsa akavala tayi, akakumana ndi kalaliki mnzawo pa siteshoni ya sitima. Kwa agogo sankayerekeza n'komwe.

Ena amati mawuwa anabwera chifukwa bulu amakhalitsa, zaka 30 kapena kuposerapo. Mwina zilimo. Koma mchere wake uli m'kamvekedwe: m'Chingerezi "ears", makutu, ndi "years", zaka, zimamveka ngati liwu limodzi, ndipo makutu a bulu tonse tikuwadziwa kutalika kwake. Mu 1916 E. V. Lucas, m'buku lake The Vermilion Box, anawalemba ndi makutu amene, osati zaka. Ndi mawu a pocheza, oseketsa, osati olemba m'kalata yofunsira ntchito. Tsono tayesani m'Chichewa: makutu, zaka. Zikukumana pati? Nthabwala yafera panjira, kwatsala chinyama chongoima pakati pa chiganizo. Komanso kuno ku Thyolo bulu timamumva kwambiri m'tchalitchi kuposa kumuona pamsewu.

Chondiwawa kwenikweni sikumasulira kolakwikako ayi. N'chakuti mlembiyu walanda mayi uja pakamwa. Kuyambira masiku a thangata, pa esiteti pamakhala zilankhulo ziwiri: cha pakhonde la bwana ndi cha m'mizere ya tiyi. Mlomwe kapena Mmang'anja wothyola masamba akamalankhula ngati mzungu wa ku kalabu, ndiye kuti wolembayo sanamumvetsere, wangomubwereka dengu.

Nanga mayiyo akanati chiyani? "Mwasowatu, achimwene!" Basi, zikanakwana. Kapena akanaloza mwana: "Munachoka uyu ali kumsana, lero ali ndi ake atatu." Ife nthawi timaiyeza ndi anthu ndi zogwa. Akuluakulu amawerengera pa njala ya 1949, ena pa Napolo wa ku Phalombe wa 1991. Liwu limodzi loti "chichokereni" limanyamula zaka zonsezo pamodzi ndi kudandaula kwake, chinthu chimene bulu uja sangasenze.

Nditamuuza izi, mnyamatayo anadzikanda m'mutu, eti mawuwo anawaloweza pokonzekera mayeso a Fomu 4 ndipo amawakonda. Sindinamuuze kuti awataye. M'kankhani kake mulinso kalaliki wonyada amene amalemba makilo a masamba pa sikelo. Ndati bulu amupatse ameneyo, m'Chingerezi momwemo, anene pamaso pa mayi uja, ndipo mayiyo angomuyang'ana.