Kodi Licínio Azevedo amangobwereza filimu imodzi?

Alipo amene amati ukaona filimu imodzi ya Licínio Azevedo waona zonse: nkhondo, ulendo wautali, mayi wozunzika, msilikali wankhanza. Mau awa ali ndi pogwira. Mkuluyu, wobadwira ku Brazil koma wokhazikika m'dziko muno kuyambira zaka za m'ma 1970, amabwerera kawirikawiri pa bala lomwelo.

Koma tiyeni tiike mafilimu awiri pamodzi, onse okhudza malire athu ano. Mu A Árvore dos Antepassados banja likucoka ku Malawi kumene linathawira nkhondo, kubwerera kwao ku Tete. Mu Comboio de Sal e Açúcar ya 2016, sitima ikucoka ku Nampula nthawi ya nkhondo, amayi atanyamula mcere wokasinthanitsa ndi shuga ku Malawi. Maulendo onse awiri, inde. Koma funso si limodzi. M'yoyambayo nkhawa ndi yakuti kodi mizimu idzalandira ana amene anasiya manda zaka zambiri osasesa. M'yaciwiriyo funso ndi lakuti woopsa ndani, woombera ali m'chire kapena msilikali amene wapatsidwa nchito yokuteteza m'sitima momwemo. Amene anawoloka malire zaka zimenezo sangasokoneze mantha awiriwa.

Nanga Desobediência ya 2002? Muno mulibe nkhondo. Mayi akuimbidwa mlandu ndi apongozi ake kuti ndiye anacititsa mwamuna wake kudzipha, ndipo osewera ndi eni nkhani eniake, mayiyo pamodzi ndi omuneneza. Mkangano unapitirira kamera ili pomwepo, mpaka kwa sing'anga ndi kubwalo la milandu. Filimu yotere sungailembe usanaijambule.

Pamene ndigwirizana ndi odandaula ndi pa mafilimu a osewera ophunzitsidwa. Mu Virgem Margarida ya 2012, ya amayi otengedwa m'misewu ya Maputo mu 1975 kupita kumisasa ya "kuwongola khalidwe", nkhaniyo ndi yolemera, koma anthu ena amadziwika msanga: uyu wosalakwa, uyu wouma mtima amene adzafewa. M'sitima muja namonso, msilikali wabwino ndi woipa umawasiyanitsa sitima isananyamuke n'komwe. Kumeneko ndiko kuli cizolowezi, osati pa kubwerera ku nkhondo. Mayi wa mu Desobediência sumudziwa cimene anene mpaka atatsegula pakamwa.