Kusakaniza petulo ndi mpweya mu injini yopanda mapisitoni

Bwalo la ndege la Kamuzu lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Wogwira ntchito ku Capital Hill sangataye nayo tulo nambala imeneyi, koma injini ya ndege imaimva m'mapapo. Kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka, ndipo dzuwa la Okutobala likafika madigiri 32, injini imapuma ngati ili pa mamita oposa 2,000. Pa mpweya umene ikanakoka m'mbali mwa nyanja kukuzizira, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limasowa. Petulo akapanda kuchepetsedwa molingana, injini imatsamwa ngati mbaula yodzaza makala koma yotsekeka kukamwa: utsi tolotolo, moto wochepa.

Amisiri amene amandigometsa pa nkhaniyi ndi aja amamanga ndege zing'onozing'ono pakhomo pawo n'kuikamo injini ya rotary yochotsa m'galimoto ya Mazda. Injiniyi anaitulukira Felix Wankel wa ku Germany, ndipo yoyamba inalira mu 1957 ku kampani ya NSU. Mapisitoni mulibe. Muli chitsulo cha makona atatu chozungulira m'chipinda chobulungira motalika, ndipo mbali zake zitatu zimasinthana kukoka mpweya, kuupanikiza, kuyaka ndi kutulutsa utsi. Ya mtundu wa 13B, imene inali m'magalimoto a Mazda a RX-7 ndi RX-8, ili ndi zitsulo zotere ziwiri, 654cc chilichonse. Ndi yaing'ono, yamphamvu, yosanjenjemera. Koma pa kadyedwe ndi yovuta kuisangalatsa.

Petulo amapsa yense bwinobwino pamene kilogalamu imodzi yakumana ndi makilogalamu 14.7 a mpweya. Mphamvu zambiri zimatuluka petulo akachulukirapo pang'ono, cha pa 12.5. Pakati pa manambala awiriwa, ndi kupitirira apo, m'pamene dzanja la mmisiri limaonekera. Ponyamuka amaipatsa petulo wokwanira ndi wotsalako, chifukwa wotsalayo amaziziritsa m'kati pamene injini ikukoka ndi mtima wonse. Akakwera n'kukhazikika, amayamba kupotoza kabatani kochepetsera petulo pang'onopang'ono, diso lili pa geji yoyeza kutentha kwa utsi. Kutenthako kumakwera, kumakwerabe, kenako kumaima n'kuyamba kutsika. Pamene kwatembenukirapo m'pamene iye amafuna kudziwa. Akapitirira pang'ono, injini imamwa mochepa ndipo mapulagi amakhala oyera. Akapitirira kwambiri, imayamba kudumphitsa, ndipo khutu limamva geji isananene kanthu. Pamenepo amabweza dzanja pang'ono chabe, mosathamanga.

Rotary imalola masewera amenewa kuposa injini zina chifukwa ilibe mavavu otulutsira utsi oti n'kupsa. Koma utsi wake umatentha koopsa, kufika pafupifupi madigiri 900, moti paipi ya ekizozi yachitsulo wamba siichedwa kung'ambika. Palinso nkhani ya oyilo. Timizere tachitsulo ta pansonga za makona atatu aja timafuna oyilo nthawi zonse, ndipo amisiri ambiri amachotsa kapampu ka oyilo ka Mazda n'kumathira okha oyilo wa two-stroke m'thanki, pafupifupi mamililita 8 pa lita iliyonse ya petulo. Kuiwala kamodzi kokha kungathe kuwononga injini. N'chifukwa chake amathira ndi chikho choyezera, n'kulemba m'buku, ngakhale atachita zimenezi zaka khumi.

Mmodzi wa odziwika pa lusoli ndi Tracy Crook wa ku Florida, amene m'zaka za m'ma 1990 anaulutsa ndege ya RV-4 ndi injini ya 13B. Iye anapanga kakompyuta kowongolera petulo, ndipo chimene ndimachikonda m'kapangidwe kake ndi kusadzikuza. M'bokosi limodzi anaikamo makompyuta awiri, A ndi B, kuti ina ikafa m'mwamba inzake ipitirize. Ndipo ngakhale kompyuta imawerengera yokha, anasiyabe kabatani m'manja mwa woyendetsa. Kachipangizo koyeza mpweya mu utsi kamatha kunama, makamaka kakadetsedwa ndi mtovu wa mu petulo wa ndege wa 100LL, pamene munthu amene wakhala ndi injini yake maola ambiri akuimvetsera pansi amazindikira msanga liwu likasintha.

Maola apansiwo ndiwo chimake cha ntchito yonse. Ndege amaimangirira ndi chingwe, amailiza pa liwiro lililonse, amakonza pamene ikutsamwa, amazimitsa, amamasula mapulagi n'kuona mtundu wake. Akuda ndi mwaye ndiye kuti petulo wachuluka. Oyera mbee ndiye kuti injini ili ndi njala. Amafuna ofiirira pang'ono. Wina angati n'kutaya nthawi, koma ine ndimaona ulemu wa munthu amene akudziwa kuti kumwamba kulibe pokocheza n'kutsegula boneti.

Kuno kwathu khutu lotere lilipo kale. Makaniko wa ku Old Town amene amapotoza kasikuluwu ka kabuleta pa njinga yamoto ya kabaza mpaka italira mosalala akuchita luso lomweli, ngakhale alibe geji. Chikhumbo choulukanso chilipo: mu 2016 dziko lonse linamva za wowotcherera wa ku Gobede, kumpoto kwa Lilongwe, amene anamanga helikopita ndi zitsulo zakale ndi injini ya njinga ya 125cc. Chimene chimachepa ndi zoyezera ndi chizolowezi cholemba zimene waona.

Inu amene mukulota zomanga yanu, yambani mwakambirana ndi akuluakulu oona za maulendo a pandege musanadule chitsulo choyamba, ndipo geji ya kutentha kwa utsi muigule musanagule penti. Injini mukaitchera m'kutentha kwa Okutobala, mudzaiyesenso m'chisanu cha Juni, pakuti mpweya wa Juni ndi wolemera ndipo udzafuna petulo wochulukirapo.