Mwambo wa Lucia ku Sweden

Ku Sweden mu Disembala dzuwa limangosuzumira. Ku Stockholm usana ndi wa maola 6 okha, pomwe ku Kiruna masiku ambiri a mweziwu dzuwa silituluka n'komwe. Pa 13 Disembala, usiku umene makolo akale kumeneko ankauyesa wautali koposa, mwana wamkazi, amene pamwambowu amatchedwa Lucia, amalawirira atavala mkanjo woyera, lamba wofiira m'chiuno, nkhata ya makandulo pamutu. Chimandigwira mtima n'chakuti ntchito yodzutsa banja mumdima wotere amaipatsa mwana. Amayenda mwapang'onopang'ono kuti phula lisamudonthere m'tsitsi, abale ake akuyimba pambuyo. Akafika kwa makolo amawapatsa khofi ndi lussekatter, mabanzi achikasu opindidwa ngati chilembo S, okhala ndi mphesa zouma ziwiri. Tiana tating'ono masiku ano timavala makandulo a batire, kuopa moto.