Zipsera za Ngwazi mu Star Wars ndi The Lord of the Rings

Anthu okonda mafilimu akhala akukangana kwa zaka zambiri pofuna kudziwa kuti yopambana ndi iti pakati pa nkhani ziwiri izi: Star Wars ya George Lucas, ndi The Lord of the Rings yomwe Peter Jackson adaijambula kuchokera m'buku la J.R.R. Tolkien. Zigawo zitatu zoyamba kutuluka za Star Wars zidaonetsedwa mu 1977, 1980 ndi 1983 (zina zidabwera pambuyo pake, koma sitizikhudza pano), pamene zitatu za Jackson zidatuluka mondondozana mu 2001, 2002 ndi 2003. Kawirikawiri mkanganowu umathera pa kukula kwa nkhondo, kuopsa kwa zilombo ndi kukoma kwa nyimbo za John Williams ndi Howard Shore. Wophunzira zolembedwa ayenera kufunsa funso lina. Kodi mpangankhani wamkulu adataya chiyani kuti apambane, nanga nkhaniyo ikuchilira chotayikacho?

Star Wars imaikidwa m'gulu la nkhani zopeka za sayansi chifukwa muli zombo zouluka pakati pa nyenyezi, maloboti olankhula ndiponso chida chotchedwa Death Star, chotha kuphwanya dziko lathunthu. Koma tikaivula zitsulozi, chotsala ndi nthano yeniyeni: mnyamata woleredwa ndi achibale kuchipululu, nkhalamba yanzeru yomupatsa lupanga la bambo wake, ndi mwana wamkazi wa mfumu wotsekeredwa ndi adani. Filimuyi siyesa n'komwe kufotokoza mmene makinawo amagwirira ntchito, ndipo mawu ake otsegulira amaika nkhaniyi kalekale, monga amachitira agogo akamati "Padangokhala." Lucas mwini adavomereza kuti adatapa nzeru kwa Joseph Campbell, katswiri wa nthano za mitundu yosiyanasiyana, komanso m'filimu ya Akira Kurosawa wa ku Japan, The Hidden Fortress, ya 1958. Kotero kusiyana kwa zombo za Lucas ndi akavalo a Tolkien n'kwa pamwamba chabe.

Tikafika pachimake pa nkhani zonse ziwiri timapeza chinthu chodabwitsa: palibe ngwazi yomwe ikupambana ndi mphamvu zake. M'gawo la 1983, Return of the Jedi, Luke Skywalker akugonjetsa Darth Vader, yemwe ndi bambo wake womubereka, mpaka kumudula dzanja. Poona kuti nayenso ali ndi dzanja la chitsulo ngati la bamboyo, Luke akuzindikira komwe ukali ukumutengera, ndipo akutaya lupanga lake pansi. Mfumu yankhanza, Palpatine, ikuyamba kumuwamba ndi ziphaliwali. Womupulumutsa ndi Vader yemweyo, amene akunyamula mfumuyo n'kuiponya m'chidzenje, iyenso n'kufa patapita kanthawi kochepa. Luke adali atakana kutaya mtima pa kholo lake, monga akuluakulu amanenera kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Frodo Baggins, wa mtundu wa anthu aafupi otchedwa Hobbit, akutumidwa kukaponya mphete ya mphamvu zoipa m'phiri la moto momwe idasulidwira. Atayenda ulendo wonsewo, pakamwa penipeni pa motowo akulephera. Mphete yamugonjetsa, ndipo akuivala n'kuitcha yake. Womaliza ntchitoyo ndi Gollum, cholengedwa chomwe mpheteyo idachiononga kalekale, amene akumuluma Frodo chala n'kugwera nayo m'moto. Frodo akadamupha Gollum m'njira, monga mmene mnzake Sam ankalakalakira, dziko likadatayika. Adamuleka ndi moyo chifukwa ankaona mwa iye chithunzi cha mawa lake. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Apa ndi pomwe nkhanizi zikupatukana. Luke adayesedwa n'kuima. Frodo adayesedwa n'kugwa. Kulemba ngwazi yolephera pa mphindi yomaliza kumafuna mtima wolimba kuposa kulemba ngwazi yopirira, ndipo Lucas mtima wotero adalibe. Star Wars imafulumira kupukuta misozi. M'gawo loyamba, dziko la Alderaan, kwawo kwa Leia, likuphwanyidwa pamodzi ndi anthu ake onse, koma filimuyi siikhala pamaliro ngakhale pang'ono. Posakhalitsa Leia yemweyo ndiye akutonthoza Luke pa imfa ya nkhalamba imodzi, Obi-Wan Kenobi. Obi-Wan nayenso safa kwenikweni, pakuti mzimu wake ukubwerabwera kudzapereka malangizo. Han Solo, yemwe akuumitsidwa ngati mwala mu 1980, akutsitsimuka mu 1983. Nkhani yonse ikutha ndi gule m'nkhalango ya Endor, mizimu ya akufa ikumwetulira chapatali. Frodo sapeza gule wotero. Bala lomwe adalasidwa pa Weathertop silipola, kwawo sakukhazikikanso mtima, ndipo pomaliza akukwera chombo n'kuchoka m'dziko lomwe adalipulumutsa.

Kuzama kumeneku Jackson adakupeza m'buku. Tolkien, yemwe adabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892, adamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, ndipo anzake apamtima ambiri adathera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Buku lake, lomwe lidatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955, lidalembedwa ndi munthu wodziwa kuti msilikali wobwerako sabwera yense. Choncho Jackson tiyenera kumuweruza ngati munthu wosungitsidwa chuma cha mwini: kodi adachisunga bwanji?

Zina adachita bwino pozitaya. Tom Bombadil, woimba wa m'nkhalango, akadangochedwetsa ulendo. Kusintha Faramir, yemwe m'buku akukana mphete mosazengereza koma m'filimu akuyamba waikhumbira bambo wake, n'komveka, ngakhale kumawawa okonda bukuli. Koma pali zinthu ziwiri zovuta kuzikhululukira. M'buku, Gollum akugwera m'moto yekha pamene akuvina ndi chimwemwe, Frodo ali chigwadire wopanda chochita. M'filimu, Frodo akudzuka n'kulimbana naye mpaka onse awiri kupendekera kuphompho, ngati kuti wojambulayo adachita manyazi kuonetsa ngwazi yopanda mphamvu. Chachiwiri n'chachikulu. M'buku, a Hobbit pobwerera kwawo ku Shire akupeza mitengo itadulidwa, anthu atatsekeredwa, mfiti Saruman ikulamulira mudzi wawo, ndipo akuyenera kumenyanso nkhondo pakhomo pawo penipeni. Jackson adachotsa chigawo chonsechi. Shire wake ndi wobiriwira monga adamusiyira. Filimu yomalizayi, yomwe idalandira mphoto 11 za Oscar mu 2004, idapeza nthawi yokwanira njovu za nkhondo ndi gulu la mizukwa, koma idasowa nthawi yoonetsa kuti moto wa kutali umafika ndithu pamudzi. Potero Jackson adasendera kufupi ndi Lucas kuposa ndi Tolkien.

Tisamuchepetse Lucas mopitirira muyeso. Iye adalibe buku lotsamira, ndipo gawo la 1980, The Empire Strikes Back, lomwe adalitsogolera ndi Irvin Kershner, lidalimba mtima kutha ngwazi zake zitagonja, Luke atadulidwa dzanja ndiponso atamva kuti mdani wake ndi bambo wake. M'magawo asanu ndi limodzi onsewa, limenelo ndilo lolukidwa mothina kwambiri. Komabe tikayeza nkhani yathunthu ndi funso lomwe tidayamba nalo, The Lord of the Rings ikulemera koposa, ndipo nthawi zina kulemerako n'kwa Jackson mwini. Chakumapeto kwa filimu ya 2003, a Hobbit anayi aja akhala m'nyumba yomwera mowa ya kwawo, zikho zili m'manja, akungoyang'anana osalankhula. Pambali pawo anansi awo, omwe sadziwa kanthu za nkhondoyo, ali piringupiringu kuyamikira dzungu lalikulu lomwe wina wabwera nalo kuchokera kumunda.