Chikomekome cha Wotchi ya Pamkono

Aliyense amene adakulira m'midzi yozungulira Chileka amakumbukira masiku aja pamene ndege za Wenela zinkatera pa bwalo lathu zitanyamula abambo ndi amalume athu ochokera ku migodi ya golide ya ku South Africa. Ankakwera sitima kuchokera ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni, mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankauluka kudzafika kwathu kuno. Munthu wochokera ku Joni tinkamdziŵira pa zinthu zitatu: bokosi lachitsulo, wailesi ya m'manja, ndi wotchi yonyezimira pa mkono wamanzere. Malaya ankaŵapinda dala mpaka m'chigongono, kuzizire bwanji mwezi wa Juni, kuti wotchi ija ionekere.

Kulemba anthu a ku migodi kudatha mu 1988, koma maulendo a ku Joni sadathe. Lero ana athu amakwera mabasi odutsa pa Lirangwe kuloŵera ku Zalewa, ku Mwanza ndi ku Tete, ndipo amalonda amatsika ndege pa Chileka kuchokera ku maiko akutali. Nthaŵi tsopano timaiona pa foni, komabe wotchi ikugulidwa ndithu, chifukwa yasanduka chizindikiro chakuti munthu zikumuyendera. Tsono popeza ndalama zambiri zikuthera pa chizindikiro chimenechi, nkoyenera kuti tiunike zolakwa zimene timachita pogula.

Tikudziŵa mnyamata wina wa kufupi ndi Lirangwe amene adagulitsa mbuzi ziŵiri za amai ake kuti agule wotchi yokhala ndi kachisoti kachifumu ndi dzina lakuti Rolex. Wogulitsayo adalumbira kuti adachoka nayo ku Joni, ndi kuti akuitaya motchipa kamba ka maliro. Mvula yoyamba itagwa, golide uja adayamba kusupuka, nasiya mzere wobiriŵira pa mkono. Pofika Khirisimasi mivi idaima. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene pagona cholakwa choyamba: timagula dzina osafunsa chimene chili m'kati. Kampani ya Rolex idayamba ku London mu 1905 ndi Hans Wilsdorf, pambuyo pake nkusamukira ku Geneva, ndipo wotchi yake yatsopano yotsika mtengo koposa imapitirira madola 5,000 a ku America. Munthu akatipatsa wotchi yotere pa mtengo wa mbuzi ziŵiri, mtengo womwewo watiwuza kale zoona. Wotchi yeniyeni imakhala ndi nambala yakeyake yozokotedwa pa chitsulo, mapepala osonyeza sitolo imene idaigulitsa, ndi lisiti. Muvi wake wa masekondi umayenda mosalala, chifukwa makina ake amagunda kasanu ndi katatu pa sekondi imodzi, pamene yonyenga yotchipa imadumpha kamodzi pa sekondi. Koma tisadalire diso lokha, popeza opanga zonyenga nawonso adaphunzira kutsanzira zimenezi. Chotiteteza ndi kugula kwa wogulitsa wodziŵika, amene tingampeze maŵa pamalo pomwepo.

Nanga ikakhala yeniyeni, koma yotchipa ndi yopanda mapepala? Pamenepo mkhristu ayenera kudzifunsa kuti wotchiyo idachoka pa mkono wa yani, ndipo idachoka bwanji. Wogula katundu wakuba amalimbikitsa wakubayo kukabanso. Malamulo a dziko amamlanga, ndipo lamulo lachisanu ndi chiŵiri la Mulungu limamkhudza iye monga limkhudzira mbala ija.

Cholakwa chachiŵiri ndi kukhulupirira mau olembedwa pa wotchi osaŵamvetsa. Kunyezimira kwachikasu kaŵirikaŵiri ndi golide wongopakidwa pamwamba pa mkuwa, wopyapyala kuposa tsitsi, amene amatha ndi thukuta. Wotchi ya golide weniweni imakhala ndi chidindo, monga nambala 750, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 750 ndi golide. Abambo athu ankanyadira wotchi yolembedwa kuti ili ndi miyala 17, poganiza kuti m'katimo muli chuma. Timiyala timeneti timapangidwa ku fakitale, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kukhulana kwa timagudumu. Pa msika tilibe mtengo. Momwemonso wotchi yolembedwa mamita 30 imangopirira mvula ndi madzi osamba m'manja. Woloŵa nayo mu mtsinje wa Lirangwe adzaona nthunzi pansi pa galasi. Safunsa adadya phula.

Cholakwa chachitatu ndi kuganiza kuti mtengo waukulu umagula nthaŵi yolondola. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idatulutsa wotchi ya pamkono yoyamba yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. M'mawotchi otere a masiku ano kamwalako kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse, ndipo wotchi wamba ya mtundu umenewu imaphonya masekondi ochepa chabe pa mwezi. Koma wotchi yodula ya makina, yosalira batire, ngakhale itapambana mayeso a bungwe la COSC la ku Switzerland, imaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kuthamanga masekondi 6 pa tsiku, ndiye kuti mpaka mphindi zitatu pa mwezi. Choncho kawotchi kakuda ka Casio kamene mphunzitsi wa ku pulaimale amavala kamasunga nthaŵi bwino kuposa wotchi ya bwana. Wogula yodulayo akulipira luso la amisiri ndi kutchuka kwa dzina. Zimenezi si tchimo, koma adziŵe chimene akulipira.

Cholakwa chachinai ndi kusafunsa kuti ikadwala adzaichiritsa ndani. M'kati mwa wotchi ya makina muli timagudumu ta mano ndi tizitsulo toposa 100, tofuna mafuta apadera. Pakapita zaka zingapo mafutawo amauma, ndipo wotchi iyenera kumasulidwa yonse, kutsukidwa ndi kudzozedwanso. Fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno kwathu sizichitira chifundo makina otere. Mmisiri wa pa khonde la sitolo ku Limbe angathe kusintha batire, lamba ndi galasi, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi manja aluso; koma zipangizo za mawotchi odulaŵa eni ake amazipereka kwa amisiri ao okha. Ikafa, iyenera kubwerera kunja, ndipo mtengo wa kukonzetsa kokha ungathe kulipira sukulu ya mwana chaka chathunthu.

Cholakwa chachisanu chabwera ndi mavuto a masiku ano. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri adayamba kufunafuna zinthu zosungiramo chuma chao, ndipo ena adamva kuti wotchi yodula siitsika mtengo. Zoona zake nzakuti ndi mitundu yoŵerengeka chabe imene imakwera mtengo, ndipo ogula ake ali ku Geneva, ku London ndi ku Dubai. Yambiri imatsika mtengo tsiku lomwe yatuluka m'sitolo. Tsiku la matenda likafika, ndani pa msika wa Lunzu kapena wa Lirangwe amene adzatipatse ngakhale theka la ndalama zathu? Mbuzi imaswa, munda umabala, wotchi imangokalamba. Ndipo woigula ndi ndalama za katapila amavala ngongole pa mkono pake.

Tikaziphatikiza zolakwa zonsezi tiona kuti muzu wake ndi umodzi: timagulira maso a anzathu. Wogulira maso a anthu safunsa mafunso, chifukwa amaopa kuoneka wosadziŵa. Sadandaula akanamizidwa, chifukwa amaopa kusekedwa. Ndipo akadziŵa kuti wotchi yake njonyenga amaivalabe, nkuyamba iye mwini kunamiza ena. Bodza limene adagula amalifalitsa kwaulere mpaka m'tchalitchi.

Sitikunyoza kukongola kapena luso, popeza zonsezi ndi mphatso za Mulungu. Mawotchi oyamba a makina adaoneka ku Ulaya cha m'ma 1300, pa nsanja za matchalitchi ndi m'nyumba za amonke, ndipo ntchito yao inali kuitana anthu ku mapemphero pa ora lake. Belu la Anjelusi la m'maŵa, masana ndi madzulo ndi mdzukulu wa mwambo umenewo. Wotchi idapangidwa kuti munthu asunge pangano. Nchomvetsa chisoni tsono kuona kuti ena mwa ife ovala mawotchi onyezimira ndife amene timaloŵa m'tchalitchi wansembe ataŵerenga kale Mthenga Wabwino, ndiponso timasunga anzathu pa msonkhano wa mphakati kwa ora lathunthu. Malemu Papa Francis, amene adatisiya pa 21 Epulo 2025, ankavala kawotchi wamba ka pulasitiki, ndipo palibe amene adampeputsa chifukwa cha iko.

Tibwerere kwa abambo athu a ku migodi aja. Ifenso tinkaŵaseka popinda malaya, koma iwo ankadziŵa mtengo weniweni wa wotchi yao. Inali miyezi yambiri ya pansi pa nthaka, fumbi m'mapapo, ndi ana okula osadziŵa nkhope ya atate ao. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobwera ku Malaŵi idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi oposa 70 adafera pomwepo ali pa ulendo wobwerera kwao. Ngozi imeneyi ndi imene idachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu a ku migodi, mpaka pamene kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba. Ndalama za ku Joni sizidakhalepo zopepuka, ndipo ana athu amene ali kumeneko lero akuzipezanso movutikira.

Choncho tisanapereke ndalama zotere, tifunse mafunso anai: Kodi njeniyeni? Idachokera kwa yani? Adzaikonza ndani? Nanga kunyumba chidzasoŵa nchiyani chifukwa cha iyo? Mayankho akakhala oyera, tigule ndi mtima woyera, tiisamale, ndipo tidzasiyire ana athu. Akakhala okayikitsa, tigule yotchipa yonena zoona, ndipo Lamulungu likudzali tifike pa Misa belu lisanalire.