MAPAZI A ABEBE BIKILA: KODI TIMAMUTAMANDA MOYENERA?

Pa 10 September 1960, dzuwa litalowa mumzinda wa Rome ndipo miuni ikuwala m'mbali mwa msewu wakalekale wa Via Appia, msilikali wina wosadziwika wa ku Ethiopia adafika pa chipata cha Constantine atasiya anzake onse m'mbuyo. Adathamanga makilomita 42 ndi mamita 195 m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16, kumapazi kulibe nsapato. Ameneyu ndiye Abebe Bikila, munthu wakuda woyamba wa muno mu Africa kupata mendulo ya golide pa masewero a Olympic. Tisaiwale kuti panali patangopita zaka 25 chilowereni asilikali a Mussolini m'dziko lake mu 1935.

Nkhani imeneyi yalembedwa kambirimbiri, koma ine ndili ndi mlandu ndi kalembedwe kake. Olemba ambiri maso awo amathera pa mapazi opanda nsapato aja, ngati kuti mwana wa ku mapiri adangodzuka m'mawa nkupambana chifukwa liwiro adabadwa nalo. Chitamando chotere chili ngati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chimabisa thukuta la munthu, ndipo chimatiphunzitsa mwakachetechete kuti Mwafrika akachita chachikulu ndiye kuti ndi chibadwa chabe, osati nzeru ndi mwambo.

Zoona zake nzakuti Bikila anali m'gulu la asilikali olondera Mfumu Haile Selassie, ndipo adaphunzitsidwa mwadongosolo ndi Onni Niskanen wa ku Sweden. Nsapato adazisiya ku Rome chifukwa zidamthina. Umboni woposa udaoneka ku Tokyo mu 1964: patangopita milungu yochepa atachitidwa opaleshoni ya pamimba, adapambananso, atavala nsapato, m'maola 2, mphindi 12 ndi masekondi 11. Palibe amene adapambanapo kawiri mpikisano umenewu iye asanatero. Tsono ngati chinsinsi chinali m'mapazi osavala, nanga ku Tokyo chidachokera kuti? Akuluakulu adanenetsa kuti kanthu nkhama, phwiti adakwata njiwa.

Mlandu wanga wachiwiri ndi waukulu koposa. Olembawo amafulumira kutseka nkhani ulemerero ukangotha. Ku Mexico City mu 1968 Bikila adalekera panjira mwendo utamvuta, ndipo mnzake Mamo Wolde ndiye adapambana. Mu 1969 adachita ngozi ya galimoto nalumala miyendo, miyendo yomwe ija idadabwitsa dziko lonse. Atalandira chithandizo ku chipatala cha Stoke Mandeville ku England, sadabisale m'nyumba ai. Mu 1970 adapikisana nawo pa masewero a anthu olumala, akuponya mivi ali pa njinga yake. Adamwalira pa 25 October 1973 ku Addis Ababa ali ndi zaka 41.

Kwa ine, zaka zotsirizazo ndizo zimamasulira za ku Rome. Pakuti miyendo itachotsedwa, chimene chidatsala ndicho chimene chinkathamanga kuyambira pachiyambi: mtima wosagonja. Wowerenga wokondedwa, mwana wanu akadzakufunsani za Bikila, musadzangomuuza za munthu wopanda nsapato. Mudzamuuzenso za munthu wa pa njinga, uta uli m'manja, akuphunzira mpikisano wina watsopano.