Wogwa m'sewero amadzuka msanga

Zisudzo za panja, zija timaonera tsiku la msika ku Nsaru kapena ku Kabudula, zili ndi kachizolowezi kamene kandikwana. Wakabaza wagwa pa njinga yamoto. Wosewera adziponya pansi, "Mayo ine, ndafa!", kumaso atapaka matimati. Wina abwera ndi ndowa ya madzi, khwaa! Munthu uja dzambatu, anthu phwete kuseka.

Kuseketsa si mlandu, koma wosewerayo wasankha chophweka. Khungu la pamutu limatulutsa magazi ambiri ngakhale kabala kali kakang'ono, ndipo wokuwayo akupuma, akudziwanso pomwe pakupweteka. Woopsa ndi uja wadzuka, wasasa fumbi, nati, "Ndili bwino, achimwene," koma dzuwa likamapendeka wayamba kuodzera, kusanza, kufunsa funso lomwelomwelo. Magazi akuunjikana m'chigaza, akupanikiza ubongo.

Ameneyu ndiye wovuta kumusewera. Mu 1974, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett a ku Glasgow adakonza muyeso wa ovulala m'mutu umene achipatala amagwiritsa ntchito mpaka lero: ayang'ana maso, mawu ndi kasunthidwe ka ziwalo, n'kupereka malikisi kuyambira 15 kutsika mpaka 3. Zitatuzi ndizonso zida za wazisudzo. Waluso akhoza kutsika nazo pang'onopang'ono: maso otseguka okha, kenako pokhapokha atamuitana dzina, kenako mpaka atamutsina. Mawu omveka asanduke osokonekera, pomaliza kubuula chabe. Kuchita zimenezi anthu ali gwa kudikira nthabwala kumafuna kulimba mtima kuposa kugubuduka m'fumbi.

Dokotala wa m'sewero naye amangomuveka jekete yoyera kuti azikalipa. Bwanji asagwade, n'kuunika tochi m'maso, n'kupeza kuti kamwana ka diso limodzi kakula kuposa kanzake? Wovulala wotero akafika pa St Gabriel's ku Namitete, ulendo ungapitirire wa ku Kamuzu Central, kukamujambula m'mutu.

M'zaka za m'ma 1980, azisudzo a ku Chancellor College posewera za umoyo m'midzi ya ku Liwonde ankaimitsa sewero n'kufunsa oonera chochita. Pano funso lake lilipo kale: timunyamule bwanji? Wina adzati timukoke manja, wina adzati timumwetse madzi. Sewero lidikire mpaka wina atakumbukira khosi, n'kuligwira kuti lisapindike.